Akupangani product manager ndipo akufuna ma requirements pofika Lachisanu? Yambani chonchi

Mnzanga wina anandiimbira sabata yatha akumveka kuti mutu waima, akuti kuofesi amukweza, pano ndi product manager, ndiye bwana angomuuza kuti pofika Lachisanu abweretse ma requirements a app yatsopano. Iye kutsegula Word, kulemba mutu pamwamba, kenako kungoyang'ana laputopu mpaka nthawi yoweruka. Ndinaseka kaye chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo ndipo zanga zinali zoipa kuposa pamenepo, ine ndinalemba mapeji 30 a zinthu zoti palibe anazifuna. Ndiye zomwe ndinamuuza pafoni paja ndati ndizilembe bwinobwino, ndipo chitsanzo ndigwiritsa ntchito chomwe ndinachigwira ndi manja angawa, ka system kothandiza magulu a banki mkhonde kusunga marekodi awo pafoni.

Tigwirizane kaye kuti ntchitoyi ndi chani. Product manager salemba code, sajambula ma screen, ndipo nthawi zambiri palibe ndi mmodzi yemwe mu timu amene ali pansi pake woti angamulamule. Chake ndi kudziwa kuti vuto ndi liti, ndi la ndani, ndipo tidzadziwa bwanji kuti latha. Ma requirements ndi zomwe chinthu mukupangacho chikuyenera kukwanitsa, zolembedwa moti munthu wina akawerenga amve zomwe inu mukumva. Mukapita kwa telala nkungonena kuti mundisokere diresi labwino la ku ukwati, osapereka muyezo, osanena kuti ukwatiwo ndi wa kutchalitchi, musadzalire tsiku lokatenga, telalayo wasoka labwino ndithu malinga ndi mutu wake. Ma developer, anthu olemba code aja, ndi atelala amenewo. Ntchito ya product manager ambiri amati inayambira ku sopo osati ku makompyuta, mu 1931 Neil McElroy wa ku Procter & Gamble analemba memo yoti brand iliyonse ikhale ndi munthu wake woiyang'anira, wopita kumsika kukaona chifukwa chake sikugulidwa. Mfundo yopita kukaona ija ndi yomwe ambiri timaidumpha.

Choyamba, tsekani laputopu mupite kwa anthuwo

Apa ndichedwapo chifukwa mukalakwitsa apa zotsatira zonse ndi zongotaya nthawi. Musalembe requirement ngakhale imodzi musanakhale pansi ndi anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, ndipo ndikunena kukhala nawo komwe amachitira zinthu zawozo, osati kuwaitanira ku hotela nkuwapatsa Fanta ndi alawansi, kumeneko aliyense amavomera chilichonse.

Ife tili muofesi tinkadziwa "motsimikiza" kuti vuto la banki mkhonde ndi kusunga ndalama, kuti amaopa kuberedwa ndiye tiwapangire wallet, kosungira ndalama pafoni. Nditapita kukakhala nawo pamsonkhano wawo pansi pa mtengo wa mango, ndinaona zina. Bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo ndalama zambiri sizigonamo nkomwe chifukwa tsiku lomwelo amabwerekana. Nkhani yakuba sinkhani kwa iwo. Koma taonani mlembi, mayi wachikulire ndithu, kope lake la hadikava lothothoka chikuto, akuwerenga zidindo za masheya mu kabuku ka membala aliyense, kuwonkhetsa pa kakyuleta ya pafoni ya mabatani, wina akamulankhula wasokonezeka ayambirenso. Nditafunsa kuti chaka chatha pogawana zinayenda bwanji, onse anayamba kuyankhula nthawi imodzi, akuti anayamba mmawa kumaliza kuli mdima, masamu osagwirizana, ndipo amayi awiri anatuluka mugulu mpaka pano salankhulana. Vuto linali pamenepo, masamu a tsiku logawana ndi kukhulupirirana, osati wallet yathu ija.

Mafunsidwe ake ndi ofunika. Musafunse kuti "kodi tikakupangirani app mungaikonde?" Anthu athu ndi aulemu, mlendo wavala bwino wabwera pagalimoto, yankho ndi loti eya achimwene zingatithandize kwambiri, ndipo mubwerera kuofesi mukumwetulira ndi bodza m'thumba. Funsani za zomwe zinachitika kale. Komaliza munthu kulephera kubweza ngongole munatani? Tandionetseni momwe mumalembera. Ndani amagwira foni pakhomo panu? Kenako khalani chete, muziona manja awo kuposa pakamwa pawo. Anthu 5 mpaka 8 a mtundu umodzi mukacheza nawo mozama mumayamba kumva nkhani zomwezomwezo zikubwerera, pamenepo ndiye kuti mwayamba kugwira kanthu.

Ndipo musachite manyazi kuti zomwe munkaganiza zalakwika, zinawachitikira akuluakulu. M-Pesa, njira ya ku Kenya yotumizira ndalama pafoni, poyesera mu 2005 inapangidwa kuti makasitomala a Faulu, bungwe la ngongole zing'onozing'ono, azibwezera ngongole pafoni. Nick Hughes ndi Susie Lonie, omwe ankatsogolera ntchitoyi, ndi anzawo ataonetsetsa anapeza kuti anthu akuigwiritsa ntchito mwa njira zawozawo, kutumizirana ndalama, kulipirana pa bizinesi. Pomwe kampani ya mafoni ya Safaricom inkaikhazikitsa mu March 2007 nkhani inali itasintha, uthenga unali wotumiza ndalama kumudzi basi. Akanakakamira pepala lawo loyamba bwenzi pano tikukamba zina.

Chachiwiri, lembani vutolo mu ziganizo ziwiri

Mukabwerako lembani vuto, osatchulamo app, batani kapena screen. Lathu linamveka chonchi: mlembi wa gulu amatha tsiku lonse kuwerengetsa ndalama zoti aliyense alandire pogawana, ndipo mamembala alibe njira yotsimikizira kuti masamuwo ndi oona, zomwe zimabweretsa mikangano. Basi. Onani kuti ndatchula munthu weniweni, mlembi. Mukalemba kuti chinthuchi ndi cha "aMalawi onse" dziwani kuti simunapeze mwini wake.

Pansi pake lembani kuti mudzadziwa bwanji kuti zatheka, ndi nambala. Ife tinati kugawana kuzitha pasanathe maola 2, ndipo pa magulu 10 oyesera, 8 akhale akulembabe mu system pakatha miyezi 3 popanda ife kuwaimbira. Musaike nambala ya ma download ngati muyezo, munthu amapanga download lero mawa wafufuta kuti apeze malo a mavidiyo a pa WhatsApp. Ku Amazon ali ndi chizolowezi choti asanayambe kupanga chinthu amalemba kaye chilengezo cha atolankhani ngati kuti chatuluka kale, pamodzi ndi mafunso omwe kasitomala angafunse. Yesani, ngati chilengezo chanucho chikukutopetsani inu eni ake pochiwerenga, ganiziraninso.

Chachitatu, zungulirani muofesi

Kasitomala si yekhayo ali ndi zofuna. Pitani kwa bwana, a sales, a finance, a zamalamulo, ndipo makamaka a customer care omwe anthu amawaiwala chonsecho ndi amene amatukwanidwa pafoni tsiku lililonse ndipo madandaulo onse amawadziwa pamtima. Aliyense mucheze naye payekha kaye, mukawasonkhanitsa mu miting'i imodzi amalankhula ndi bwana yekha ena nkumangogwedeza mutu.

Anthu amenewa sabwera ndi vuto, amabwera ndi yankho lophikaphika. Wina adzati ikani batani lotumiza lipoti pa WhatsApp. Musalembe msanga, funsani kuti chifukwa chani, akayankha funsaninso chifukwa chani. Kwathu tinapeza kuti amene ankafuna batanilo kwenikweni ankafuna kuti alangizi a m'madera aziona magulu omwe ngongole zikuvuta asanagwe, ndiye requirement yeniyeni inali imeneyo, WhatsApp inali njira imodzi chabe mwa zambiri. Kwa bwana mufunse mwaulemu koma mufunsebe, "bwana, kuti ndimvetse bwino, chimenechi chikakhalapo chithandiza ndani?" Safunsa anadya phula.

A zamalamulo apiteni msanga osati kumapeto. Kuno kwathu chinthu chikangoyamba kugwira ndalama za anthu ndiye kuti Reserve Bank of Malawi ikukhudzidwa, ndipo mukamasunga maina, manambala a foni ndi manambala a chitupa cha unzika, pali Data Protection Act ya 2024 yomwe akuyang'anira ndi a MACRA. Chimodzi mwa zifukwa zomwe tinasiyira wallet ija nchimenechi, titangosankha kuti ife tizisunga marekodi okha ndalama zizikhala m'bokosi mwawo, mtolo wa zilolezo unapepuka kwambiri.

Chachinayi, tsopano lembani ma requirements eni ake

Njira yomwe ine ndimaikonda ndi ya ma user story, kalembedwe kake kanatchuka kuchokera ku kampani ina ya ku London yotchedwa Connextra cha mu 2001. Chiganizo chimodzi chokhala ndi zinthu zitatu, ndani, akufuna chani, kuti apindule chani. Mwachitsanzo: ine ngati mlembi wa gulu, ndikufuna kulemba masheya omwe membala aliyense wagula pamsonkhano, kuti tsiku logawana ndisawerengenso zidindo. Ina: ine ngati membala, ndikufuna kulandira SMS yondiuza masheya anga ndi ngongole yanga msonkhano ukangotha, kuti ndisadalire mawu a mlembi okha. Gawo lachitatulo musalidumphe, ndi lomwe limapatsa developer mpata wokuuzani kuti aise, ngati cholinga ndi chimenechi pali njira yachidule kuposa yomwe ukuganizayo.

Koma story payokha ndi yopanda mano. Pansi pa iliyonse lembani ma acceptance criteria, kutanthauza zinthu zomwe tester, woyesa chinthucho chisanatuluke, adzayese nkunena kuti yadutsa kapena yagwa, popanda kukangana. Pa story ya masheya ija tinalemba kuti membala angagule masheya kuyambira 1 mpaka 5 pamsonkhano umodzi, mlembi akalemba 6 system ikane ndipo inene chifukwa, mtengo wa sheya gulu limaika kumayambiriro kwa chaka ndipo susintha mpaka kugawana, mlembi akalakwitsa atha kukonza msonkhano usanatsekedwe koma ukatsekedwa pafunika wapampando avomereze ndi PIN yake. Mawu ngati "mwachangu", "mosavuta", "yooneka bwino" afufuteni paliponse pomwe mwawalemba, palibe angayese zimenezo. Mwachangu ndi masekondi angati, pa foni yanji, pa netiweki yanji?

Apa ndikuuzeni pomwe ine ndinapsa. Ndinalemba kuti chiwongoladzanja ndi 20% pa mwezi, ndipo ndinaona ngati zamveka, mwezi ndi mwezi basi. Developer wathu, mnyamata wanzeru zedi, anaika masiku 30. Koma gulu likamati mwezi limatanthauza misonkhano inayi, masiku 28, chifukwa amakumana Lachinayi lililonse. Tsiku loyesera system ikuti mayi wina ngongole yake sinakwane nthawi, gulu lonse likuti yakwana lero, mlembi anangondiyang'ana nkutsegulanso kope lake lija mwakachetechete, ndipo kunena zoona zinandiwawa kuposa akanandikalipira. Wolakwa sanali developer, ndinali ine amene sindinalembe kuti mwezi ndi chani. Zoterezi zinagwetsapo chombo cha NASA, Mars Climate Orbiter mu 1999, timu ina inkawerengera mphamvu mu muyezo wa mapaundi ina mu muyezo wina wa ma newton, aliyense akuona ngati mnzake akudziwa. Ndiye ikani ka gawo kofotokoza mawu mu document yanu, sheya ndi chani, mwezi ndi chani, membala ndi ndani, matambala otsala pogawana apita kuti.

Kenako dzifunseni mafunso oipa pa story iliyonse. Membala akamwalira chaka chili pakati? Akatuluka ali ndi ngongole? Foni ya mlembi ikabedwa? Anthu awiri akakhala ndi dzina limodzi, zomwe m'mudzi umodzi sizachilendo? Mlembi akadina kawiri chifukwa netiweki imachedwa, zilembedwa kawiri? Gawo lalikulu la ntchito ya ma developer limathera pa zinthu ngati zimenezi, ndipo mukapanda kuyankha inu adzayankha okha 11 koloko usiku atatopa.

Chachisanu, zomwe sizioneka pa screen

Izi amazitcha non-functional requirements, ndipo kwathu kuno ndi zomwe zimapha ma product ambiri okongola. Chinthu chimayenda bwino pa Wi-Fi ya muofesi ku City Centre pa foni ya bwana, mukapita nacho kumudzi chikungozungulira. Lembani poyera kuti chigwire ntchito pa foni zanji, Android yakale yokhala ndi memory yochepa kapena ya mabatani yomwe. Chigwire popanda intaneti nkudzatumiza marekodi netiweki ikabwera? App ikule ma MB angati, poti munthu akaona kuti download idya bandulo yake yonse sapitiriza? Ngati mukudutsira USSD, ngati momwe anthu anazolowerera *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, kumbukirani kuti screen imodzi siipitirira zilembo 182 ndipo session imaduka munthu akachedwa kuyankha, ndiye lembani kuti ikaduka ayambirenso kapena apitirize pomwe analekera. SMS imodzi ndi zilembo 160, mukapitirira mukulipira ziwiri, chulukitsani ndi mamembala onse sabata iliyonse muone a finance akusintha nkhope.

Chilankhulo nachonso ndi requirement. Chichewa chokha kapena ndi Chitumbuka ndi Chiyao chomwe? Ndipo mawu a Chichewa ndi aatali, batani lomwe designer analipangira "Save" silikwana mawu athu, muuzeni msanga. Komanso foni imodzi pakhomo imagwiridwa ndi anthu angapo, ndiye SMS yonena kuti mayi ali ndi masheya a K85,000 ikafika foni ili m'manja mwa bambo, mwina mwayambitsa nkhani kunyumba kwa eni ake. Ife tinachita kubwerera kukafunsa amayiwo, ena anasankha kuti SMS isamabwere, aziona okha ndi PIN. Zimenezi muofesi simungaziganize.

Chachisanu ndi chimodzi, dulani

Pofika apa muli ndi ma story mwina 60 ndipo timu yanu ndi anthu atatu. Ntchito yeniyeni ya product manager ndi apa, kukana. Njira yosavuta ndi MoSCoW yomwe anayambitsa Dai Clegg ali ku kampani ya Oracle mu 1994, mumagawa zinthu panayi: Must, zomwe popanda izo chinthucho nchopanda ntchito, Should, zofunika koma titha kutuluka popanda izo, Could, zokometsera, ndi Won't, zomwe tagwirizana kuti ulendo uno ayi. Vuto lake aliyense amafuna chake chikhale Must. Muyezo wanga ndi funso limodzi, chimenechi chikasowa tsiku lotulutsa, tiimitsa kutulutsako? Ngati yankho ndi "ayi koma zingakhale bwino", si Must.

Mndandanda wa Won't ulembedwe ndipo bwana auone ndi maso ake, chifukwa pakatha milungu itatu adzabwera kuchokera ku workshop ina ali ndi maganizo atsopano, tiikemo AI, tiikemo inshulansi, tiikemo msika wa mbewu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Simukana mwamwano, mumangoti "bwana ndi ganizo labwino, kuti lilowe tichotse chiti pa izi, kapena tisunthe tsiku?" nkuwapatsa pepala asankhe okha. Nthawi zambiri amati tiona ulendo wina.

Chomaliza, ikani pamodzi muwerenge ndi timu

Zonsezi zimalowa mu document imodzi yomwe amaitcha PRD, chidule cha product requirements document. Isakhale buku. Vuto, mwini vuto, muyezo wa chipambano, ma story ndi ma criteria ake, zosaoneka pa screen zija, zomwe sitipanga, matanthauzo a mawu, ndi mafunso omwe sanayankhidwe pamodzi ndi dzina la amene akuyenera kuyankha komanso tsiku. Mapeji 4 mpaka 6 amakwana pa chinthu chaching'ono. Muike malo amodzi omwe aliyense angapeze, kaya Google Docs kaya Confluence kaya Jira, osati kumatumizirana pa imelo mafayilo a final, final2, final yeniyeni.

Musangoitumiza nkumadikira, palibe amawerenga. Itanani developer, designer ndi tester, muwerenge limodzi story imodzi imodzi, ndipo muwapemphe kuti akufotokozereni m'mawu awo zomwe amva, mudzadabwa kuti chiganizo chomwe inu mumati nchomveka anthu atatu achimva mitundu itatu. Akakuuzani kuti ichi chitenga milungu 6 musanyengerere kuti anene 2, funsani kuti chikudya nthawi nchiyani, kawirikawiri ndi ka criteria kamodzi komwe mutha kukasiya. Ndipo inu musawauze kuti agwiritse database yanji kapena batani likhale lobiriwira, mbali imeneyo ndi yawo, mukalowerera adzasiya kuganiza nkumangodikira malamulo anu.

Code isanayambe, designer ajambule ma screen ngakhale papepala ndi bolopeni kapena pa Figma, mubwerere nawo pansi pa mtengo paja, mupatse mlembi muti "tayesani kulemba masheya a mayi awa", inu manja kumbuyo pakamwa potseka. Akasochera musamuthandize, lembani pomwe wasochera. Ife ulendo umenewo tinapeza kuti mndandanda wa maina tinauika motsatira alifabeti pomwe gulu limaitana anthu motsatira manambala awo a m'kabuku, kukonza papepala kunatenga mphindi 5.

Zinthu zidzasintha ntchito ili mkati, nzachidziwikire, ndiye pansi pa document ikani ka tebulo kolemba tsiku, chomwe chasintha, chifukwa chake ndi amene wavomereza. Mnzanga uja ndinamuuza kuti Lachisanulo asapite ndi PRD yonse, sangaimalize ndipo ikhala yongopeka. Apite ndi peji imodzi yokhala ndi vuto momwe akuliganizira pano, mafunso omwe alibe mayankho ake, maina a makasitomala 6 omwe akufuna kukacheza nawo, ndi pempho la galimoto kapena ndalama ya thiransipoti ya Lolemba ndi Lachiwiri.